Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Wotchi ya malume

Mu 2024 mvula itavuta, madzi a ku damu la magetsi la Kariba n'kutsika, kwathu ku Chilenje mu Lusaka magetsi ankabwera ngati mlendo wosalonjera, nthawi zina pakati pa usiku. Akabwera, wotchi ya pa wailesi ya malume inkangophethira, nthawi itasokonekera. Apa n'kuti nditasiya ntchito yokonza mafoni ija ndinakuuzani m'gawo lapita, ndikungokhala pakhomo.

Ndinaganiza zopangira malume wotchi yosataya nthawi magetsi akazima. M'katoni ya zida zanga munali Arduino Uno, kakompyuta kakang'ono kapabolodi kamene umakalembera pulogalamu. Ndinagula kasikirini ka TM1637, ka manambala anayi ofiira, ndi kabolodi kosunga nthawi ka DS3231.

Ambiri amaganiza kuti Arduino payokha ndi wotchi. Kuwerenga imawerengadi, koma imayambira pamene yayaka, ndipo moto ukachoka imayiwala zonse. Mwini nthawi ndi DS3231. M'kati mwake muli kristalo yonjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo kachipuko kamayeza kutentha n'kumadzikonza kokha, moti dzuwa la Okutobala silikasokoneza. Kumsana kwake kumakhala kabatire ka CR2032, kamene kamasunga nthawi ngakhale nyumba yonse ili mumdima. Pali ina yotchipa, DS1307. Ine sindiikhulupirira, imathamanga kapena kutsalira malinga ndi nyengo.

Kulumikiza sikunavute: mapini a DS3231 otchedwa SDA ndi SCL anapita ku mapini A4 ndi A5 a Arduino, kenako mawaya awiri a moto, 5V ndi GND. Kasikirini kanatenga mapini awiri, CLK ndi DIO. Chovuta chinali kuwotcherera mawaya, chifukwa chowotcherera nachonso chimadikira magetsi. Ndinkadzuka usiku akangoyaka, utsi wa mtovu uli m'maso, anzanga oyandikana nawo ali kalikiliki kusita ndi kutchaja mafoni.

Zonse ndinaziika m'kabokosi ka pulasitiki kosungira chakudya, nditaboola zenera ndi mpeni wotentha. Ndinaika maola 24, poti kuno ku Lusaka tikapangana timati 17 awazi.

Malume anaiyang'anitsitsa wotchiyo, nazula chaja pakhoma, nadikira pang'ono, n'kubwezera. Inayaka ili pa 19:42, ndendende ndi foni yawo.

"Mphwanga, yachita bwino. Koma kuwalaku munthu angagone?"

"Ndichepetsa, malume, ndi mzere umodzi chabe mu pulogalamu."

"Uikenso belu. Basi ya m'mamawa siidikira munthu."

Za belulo, ndi mmene linadzutsira mpaka agogo a nyumba ya kuseri, ndidzakuuzani m'gawo likubwerali.