Kafukufuku Amene Anasintha Maganizo Anga pa Opaleshoni ya Timabowo

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti opaleshoni yoboola timabowo ting'onoting'ono pamimba, imene dokotala amalowetsa kamera ndi zipangizo zowonda m'malo mong'amba mimba, ndi yabwino kwa wodwala aliyense. Maganizo amenewa anali ndi maziko, chifukwa kuyambira mu 1985, pamene Erich Mühe wa ku Germany anachotsa ndulu mwa njira imeneyi, odwala ambiri akhala akutaya magazi ochepa ndi kutuluka m'chipatala msanga. Makina a loboti a da Vinci, amene anavomerezedwa ku America mu 2000, anawonjezera chiyembekezocho.

Zotsatira za kafukufuku wotchedwa LACC, woyerekezera njira ziwiri za opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero, zimene zinatuluka mu 2018 motsogoleredwa ndi Dr Pedro Ramirez wa ku Houston, zinandigwedeza mtima. Amayi 631 odwala khansa ya khomo la chiberekero yongoyamba kumene anagawidwa mwa maere m'magulu awiri: ena anachotsedwa chiberekero kudzera m'timabowo, ochepa mwa iwo pogwiritsa ntchito loboti, pamene ena anang'ambidwa mimba monga kale. Patatha zaka zinayi ndi theka, amayi 86 pa 100 alionse a gulu loyamba anali moyo popanda khansa kubwerera, pamene a gulu lachiwiri anali oposa 96. Akatswiri ena akukayikira chipangizo chogwirira chiberekero ndiponso mpweya umene amaupopera m'mimba kuti mwina zimamwaza maselo a khansa.

Nkhaniyi imandikhudza kwambiri chifukwa kuno ku Malawi khansa imeneyi ndi imene imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse, ndipo mayi amene yapezeka msanga ayenera kudziwa kuti kung'ambidwa mimba ndiyo njira imene umboni waikira kumbuyo.