Zimene zimagwetsa njinga yamoto yothamanga pa MOT

Anzanga amene akufuna kugula njinga yamoto yothamanga kuno ku Britain amakonda kundifunsa kuti, "Kodi mtundu umenewu umadutsa MOT?" Amafunsa ngati kuti kudutsa kapena kugwa kunalembedwa kale kufakitale. MOT ndi kuyeza kumene lamulo limafuna, kuona ngati galimoto kapena njinga yamoto ili bwino kuyenda pamsewu. Ine ndimayendera Honda CBR600RR, ndipo zimene ndaona pa yangayi ndi pa za anzanga oyenda nawo ndi zoti njinga zamtunduwu, kaya ndi Yamaha R6, Suzuki GSX-R kapena Kawasaki Ninja, zimadutsa bwinobwino zikasiyidwa mmene zinabwerera. Kawirikawiri chimene chimazigwetsa ndi manja a eniake: zimene tachotsa, zimene tawonjezera, ndi zimene tazisiya kuti zithe tili chiyang'anire.

MOT inayamba mu 1960, ndipo panopa amaiyang'anira ndi a DVSA, bungwe la boma loona za madalaivala ndi magalimoto. Njinga ikakwanitsa zaka 3 chilembetsereni iyenera kuyezedwa, kenako chaka ndi chaka. Ku Northern Ireland amayamba pa zaka 4. Galaja siloledwa kulipiritsa zoposa £29.65 pa njinga, pamene kugwidwa ukuyenda popanda MOT kungakudyere mpaka £1,000. Kuyambira May 2018 zolakwika amaziika m'magulu atatu, zoopsa, zazikulu ndi zazing'ono, ndipo magulu awiri oyambawo ndi amene amagwetsa.

Vuto limayambira kumbuyo kwa njinga. Munthu akangogula njinga yothamanga, chitsulo chachitali chogwira nambala chija chimamunyansa, ndiye amachichotsa n'kuikapo chachifupi chimene amati tail tidy. Sindikutsutsa, njinga imaonekadi yopepuka. Koma pa chitsulo chakalecho ndi pamene panali kagalasi kofiira konyezimira kamene lamulo limafuna, ndipo ambiri amakataya limodzi ndi chitsulocho. Ena amaonjeza kuika nambala yaing'ono kapena kuipendeketsa kuti ilowe pansi pa mpando. Njinga yolembetsedwa kuyambira pa 1 September 2001 iyenera kukhala ndi nambala ya mizere iwiri, zilembo zake zotalika mamilimita 64. Woyeza sachita kufufuza, amaona asanaigwire n'komwe njingayo. Ma indiketa a LED nawonso amagwetsa anthu, chifukwa ukawaika popanda kusintha relay, kachipangizo kolamulira kaphethiridwe kawo, amaphethira mothamanga kwambiri, pamene oyenera ndi apakati pa 60 ndi 120 pa mphindi.

Za ekizozi ndiye zimautsa mkangano pagalaja. Pa njinga sayeza utsi ngati mmene amachitira pa galimoto, koma amamvetsera phokoso, ndipo amagwiritsa ntchito khutu, osati makina. Woyeza amaweruza ngati phokosolo lapitirira kwambiri limene njinga yofanana nayo ingatulutse ili ndi ekizozi yake yeniyeni. N'chifukwa chake ekizozi imodzimodzi imadutsa kwina n'kukagwa kwina, ndipo ndimawamvetsa amene amadandaula. Koma ngati pa chitsulocho panadindidwa mawu osonyeza kuti si chapamsewu, n'chapabwalo la mpikisano basi, palibe zokambirana. Ine ndimasunga ekizozi yoyambirira ya njinga yanga, ndipo aliyense wogula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito ndimamuuza kuti aifunse kwa wogulitsayo.

Matayala ndi amene ndimakhala nawo nthawi yaitali. Lamulo limafuna kuti mizere ya tayala ikhale yakuya milimita imodzi pa magawo atatu mwa anayi a m'lifupi mwa tayala, kuzungulira tayala lonse. Matayala a njinga zothamanga ndi ofewa kuti azigwira phula pokhota, ndipo sachedwa kutha. Choipa n'chakuti ambirife timayenda kwambiri m'misewu yowongoka, ndiye tayala lakumbuyo limatha pakati pokha. Ukaliyang'ana chakumbali mizere imaoneka yakuya ngati latsopano. Gwadani kumbuyo kwa njinga, yendetsani chikhatho pamwamba pa tayalalo kuchoka mbali ina kufika ina: m'malo mozungulira bwino, mumva pakati pali phwatalala, ndi kam'mphepete kakuthwa uku ndi uku. Tayala lotero limakuuzaninso lokha pamsewu, njinga imakana kugona pokhota kenako n'kugwera mwadzidzidzi. Likhoza kudutsa MOT likadali ndi milimita yakeyo, koma ine sindiliyembekezera kufika pamenepo.

Njinga zambiri zothamanga zimagona m'galaja nyengo yonse yozizira, ndipo kugonako kumawononga zimene kuyenda sikuwononga. Mchere umene amathira m'misewu ukatsalira pa mabuleki, mapisitoni amachita dzimbiri n'kumata, buleki n'kumagwira yokha. Kwezani gudumu, lizungulitseni ndi dzanja. Likaima msanga uku likukhula, woyeza aonanso zomwezo. Pamafoloko, machubu awiri ogwira gudumu lakutsogolo, kanikizani njinga kangapo kenako pitsani chala pachitsulo chonyezimiracho. Chikabwera ndi oyilo, rabala yotseka yatha, ndipo oyiloyo akatsikira ku mabuleki nkhani yakula. Woyeza amakwezanso kutsogolo n'kutembenuza chiwongolero mbali zonse. Ma bearing amene chiwongolero chimazungulirapo akatha, chiwongolero chimakodwa pang'ono pakati, zimene zimachitika msanga kwa okonda kuimika njinga ndi gudumu limodzi. Tcheni cholendewera, mano opindika amene tchenicho chimadutsamo, hutala, babu lakufa, zonsezi n'zoti munthu amaziona madzulo amodzi. Komabe magetsi ndi amene amagwetsa njinga zambiri kuposa china chilichonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene ogula amakhulupirira pepala la MOT. Kuyezaku sikukhudza mmene injini, kilatchi kapena giyabokosi zilili. Njinga imene yakhala ikukwapulidwa pabwalo la mpikisano, oyilo osasinthidwa, ikhoza kudutsa popanda cholembedwa chilichonse bola mabuleki, matayala ndi magetsi zili bwino tsiku limenelo. Choncho mukamva kuti mtundu wakutiwakuti umadutsa kwambiri, mwamva za mmene eniake amausamalira kunja, osati za mkati mwa injini.

Chimene chimathandizadi ndi mbiri ya njinga imene mukufunayo. Pa gov.uk, webusaiti ya boma, mukalemba nambala yake mumaona kwaulere zotsatira za MOT zam'mbuyo, mamailo a chaka chilichonse, ndi machenjezo amene woyeza analemba ngakhale njingayo inadutsa. Ine ndimawerenga machenjezowo kuposa china chilichonse. Ngati woyeza analemba za tcheni chaka china, chaka chotsatira n'kulembanso zomwezo, mwadziwa mtundu wa munthu amene anali nayo. Ndipo pa njinga yanu yomwe, mukhoza kuiyezetsa kutatsala mwezi umodzi kuchotsapo tsiku kuti pepala lakale lithe, tsiku lanu la chaka chamawa osasintha. Ine ndimapita nthawi imeneyo, kuti rabala ya foloko ikapezeka kuti yatha ndikhale ndi mpata woitanitsa ina.