Mamita 1,200 kupita kumwamba: pamene ndafika ndi njira ya kunyanja ya paphiri

Sabata yatha ndinafika kunyanja ina ya pamwamba pa phiri m'maola anayi ndi mphindi zochepa, chikwama chili kumsana. Nyengo ino itangoyamba, njira yomweyi inkanditengera maola oposa asanu, ndipo ndinkafika miyendo ili njenjenje. Si yaitali ayi, ndi makilomita 8 okha, koma imakwera mamita 1,200 kuchokera pamene timasiya galimoto. Ndiye m'zolemba zangazi za makilomita ndazisiya. Chimene chikundiuza ngati ndikupita patsogolo ndi mamita amene ndakwera pa ola limodzi.

Ndimadziyeza ndi muyeso wa William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, amene anaukonza mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Pa njira yangayi masamuwo akupereka maola atatu ndi theka kupyolako pang'ono. Pamenepo sindinafikepo, koma sizikundidetsa nkhawa, poti muyesowu suwerengera nthawi yopuma, kulemera kwa katundu kapena miyala yoterera.

Chandithandiza kwambiri ndi kuponda pafupipafupi. Pamtunda wovuta ndimayenda pang'onopang'ono moti ndikhoza kulankhula ndi mnzanga osachita wefuwefu, ndipo sindiimaima. Anyamata amene amatidutsa ndi liwiro m'munsimu timakawapeza atakhala pamwala lilime lili kunja. Mkati mwa sabata ndimakwera masitepe nditabereka chikwama chodzaza mabotolo a madzi. N'zotopetsa, osanama, koma akatumba alimba.

Chigawo chimene ndimachikonda chimayamba pamene mitengo yathera. Umangotuluka m'nkhalango, mwadzidzidzi n'kuona thambo lonse ndi udzu waufupi pakati pa miyala. Apa mpamenenso kuzizira kumayambira. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse, kutanthauza kuti kunyanjako kumakhala kozizira ndi madigiri pafupifupi 8 kuyerekeza ndi pansi, mphepo osaiwerengera. Malaya a thonje akanyowa ndi thukuta sauma msanga, n'chifukwa chake ndimavala ouma mwachangu, jekete ili pamwamba penipeni m'chikwama. Mutu nawo umayamba kuwawa mwa apo ndi apo munthu ukadutsa mamita 2,500, koma ulendo uno sunandivute.

Nyanjayo siioneka mpaka utakwera kachitunda komaliza. Ili m'chibeseni chimene madzi oundana anachikumba m'thanthwe zaka zikwizikwi zapitazo, ndipo miyala imene anakankha ndiyo inatseka potulukira madzi. Mtundu wake wobiriwira mosakanikirana ndi buluu anthu ambiri amati ndi chinyengo cha kamera. Ayi ndithu. Madzi oundana amene adakalipo paphiri kumtunda kwa nyanjayi amapera thanthwe kukhala fumbi losalala ngati ufa, fumbilo limayandama m'madzi n'kumabweza kuwala kwa dzuwa mwa mtundu umenewo. Ndinaviikamo mapazi, mphindi imodzi isanathe anachita dzanzi. Amene amalumphiramo thupi lili lotentha amasewera ndi moyo, chifukwa madzi ozizira chonchi amabanikitsa munthu nthawi yomweyo.

Pofika 12 koloko tinali titanyamuka. Mitambo ya mabingu imakonda kuwunjikana masana, ndipo pamalo opanda mtengo, munthu woimirira ndiye amakhala wamtali kuposa chilichonse.

Kutsika ndiye kukundivutabe. Bondo lamanzere linayamba kudandaula tisanalowe n'komwe m'nkhalango, ngakhale ndinali ndi ndodo ziwiri. Mwezi uno ndilimbikira zolimbitsa ntchafu komanso kutsika masitepe ndi katundu, osati kukwera kokha. Maso anga ali pa Lake Michaelson pa Mount Kenya, podzera njira ya Chogoria. Nyanja imeneyo ili pafupifupi mamita 4,000, ndipo kumeneko munthu amayenda masiku angapo akugona m'tenti kuti thupi lizolowere mpweya wochepa. Bondoli likapanda kusintha, ulendowo udikira chaka chamawa.