Bawo pakhonde la atelala ndi uthenga wochokera ku Oman

Lachitatu, Mchinji.

Lero ndinanyamuka ndi zolinga ziwiri zokha: kukagulitsa thumba la soya ku Kamwendo ndi kukatenga buluku langa kwa atelala. Soya ndagulitsa, koma za mtengo tisakambe, zingandipwetekenso mutu. Buluku ndinalipeza lisanathe. Atelala akuti magetsi anavuta dzulo, chonsecho makina awo ndi opalasa ndi phazi. Anati ndidikire pang'ono, ndiye ndinakhala pakhonde pomwe amalume anga amasewerapo bawo tsiku ndi tsiku.

Amasewera ndi mnyamata wina wa kabaza wovala malaya a chipani. Masewera ali mkati, kunabwera mayi wina wa m'mudzi mwathu foni ili m'manja. Anagwada pambali panga nkuti, "Aphunzitsi, tamverani izi." Unali uthenga wa mawu pa WhatsApp. Mwana wawo wamkazi ali ku Oman, anapita kukagwira ntchito ya m'nyumba. Amalankhula monong'ona. Pasipoti anamulanda, malipiro sakuwaona, ndipo akanena zobwerera kwawo akumuuza kuti ayambe wabweza ndalama zomwe abwanawo analipira kwa amene anamutumiza. Kumeneko kuli dongosolo lotchedwa kafala, loti chilolezo chako chokhalira m'dzikomo chimakhala m'manja mwa bwana wako. Ukangothawa, wolakwa ndiwe.

"Kodi boma lathu silingawalankhule anthu amenewa?" anafunsa mayiwo.

Mnyamata uja ndiye anayankha msanga, akuti chipani chawo nkhani zotere sichisekerera. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Chipani chiti, mwana iwe? Ine zonse ndaziona."

Amalume akayamba sawadula. Anayambira pa Kongeresi ya Kamuzu. Mu 1967, pamene mayiko ena a mu Africa ankasala boma la tsankho la South Africa, Malawi anakhazikitsa nalo ubale, ndipo mu 1971 Kamuzu anapita yekha kukacheza kumeneko. Ndalama zoyambira kumanga likulu ku Lilongwe zinachokera komweko. Ndiye pakamwa ukanatsegula bwanji? Komanso kuno kwathu kunali utsi. Amalume akuti mu 1972 anaona ndi maso awo a Mboni za Yehova akudutsa kuno, mitolo pamutu, ana kumsana, kuthawira ku Sinda Misale ku Zambia chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Apa mawu awo anatsika, ndipo kwa kanthawi nkhomo zinangokhala m'dzanja osazitaya.

Ine ndinawakumbutsa kuti nthawi imeneyo ndife tinkafuna otilankhulira. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo mu Malichi 1992, mayiko otithandiza anakumana ku Paris nkuimitsa thandizo lina mpaka ufulu wa anthu utalemekezedwa. Pa 14 Juni 1993 tinavota pa referendamu. Choncho ife Amalawi tikudziwa bwino lomwe kuti mawu a dziko lina amatha kutsegula chitseko cha ndende. N'chifukwa chake zimandiwawa kuti ife kulankhulira ena, ngakhale ana athu omwe, kumatikanika.

Za Bingu ndi DPP mnyamata uja ankazidziwako pang'ono. Mu 2006 msewu wa Midima anaupatsa dzina la Robert Mugabe, patangopita chaka chimodzi boma la Zimbabwe litagwetsa nyumba za anthu osauka m'matauni. Mu 2011 anathamangitsa kazembe wa Britain chifukwa cholemba kuti mtsogoleri wathu safuna kudzudzulidwa. Pa 20 Julaye chaka chomwecho panali zionetsero zomwe zinaphetsa anthu 20, ndipo mu Okutobala tinalandira Omar al-Bashir, mtsogoleri wa Sudan nthawi imeneyo, pa msonkhano wa COMESA ku Lilongwe, khoti la ICC, loweruza milandu ikuluikulu ya m'mayiko osiyanasiyana, likumufuna pa milandu ya ku Darfur. Anabwera, anadya, anapita.

Amayi Joyce Banda atalowa mu 2012 anakana kuti al-Bashir apondenso kuno, mpaka msonkhano wa African Union womwe ukanachitikira ku Lilongwe unasamukira ku Addis Ababa. Ine ndinawomba m'manja nthawi imeneyo, ndipo lero ndikhoza kuwombanso. Kungoti iwo eni sanabise kuti ankaganiziranso za thandizo la mayiko akunja lomwe linali litauma. Amalume akuti ngakhale kulimba mtima kwathu kumayamba kwasuzumira m'thumba la wina.

Mnyamata anayesa kudzitchinjiriza ndi za masiku ano, koma atelala, amene ndimaganiza kuti sakumva, anaponya mawu ali pa makina. Anati kumapeto kwa 2023, nkhondo ili mkati ku Gaza, boma la a Chakwera linayamba kutumiza achinyamata kukagwira ntchito m'minda ku Israel, ndipo mu Epulo 2024 linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv, pamene South Africa inali itasumira Israel ku khoti la mayiko ku The Hague. Nanga China? Chithetsereni ubale ndi Taiwan nkugwirizana ndi China mu nthawi ya Bingu, nyumba ya malamulo anatimangira ndi iwowo, ndipo ine sindinamvepo chipani cholamula chikuwafunsa kanthu kowawa.

Chomwe chimandiseketsa n'choti zipani zomwezi zikakhala kotsutsa, njira ya ku maofesi a akazembe zimaidziwa ngati ya kumunda. Zimanyamula makalata, kudandaula kuti ufulu ukuphwanyidwa. Zikangolowa m'boma, nyimbo imasintha: dziko lathu ndi loima palokha, akunja asalowerere. Zakwera pamsana pa njovu, mame aiwalika.

Anthu athu atamenyedwa ku Joni mu 2008 ndi mu 2015, boma linatumiza mabasi kukawatenga. Zimenezo n'zoyamika. Koma amene ndinawamva akukweza mawu mu 2015 anali anthu wamba ndi amabungwe omwe anaguba ku Lilongwe kukasiya kalata kwa kazembe wa South Africa.

Nthawi yonseyi mayi aja anali phee, akupukuta foni ndi nsonga ya chitenje. Ndinachita manyazi kuti abambo anayi tatha ola lathunthu tikukangana za al-Bashir iwo akudikira yankho. Ndinapempha pepala kwa atelala, anang'amba m'buku lawo la miyeso. Tinalemba kalata yopita ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena: dzina la mwana, tsiku lomwe ananyamuka, mzinda womwe ali, ndi nambala yomwe amaimbira abwana akagona. Mayiwo anasaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Mnyamata wa kabaza anawanyamula ulere mpaka kumudzi.

Kalatayo ili m'thumba la malaya anga, mawa ndikaitaipitsa ku boma. Buluku akuti Lachisanu.