Basi ya 192 ndi khomo langa latsopano ku Levenshulme

Ndinafika mumzinda wa Manchester ku England kumapeto kwa Okutobala, sabata imene anthu kuno amabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, kotero kuti nthawi ya kwathu ku Malawi inakhala patsogolo ndi maola awiri. Ndinabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ku Stockport, tauni yoyandikana ndi Manchester, ndipo chipinda chimene ndinapeza chili ku Levenshulme, dera lina la mumzindawu, m'nyumba za njerwa zofiira zogundizana, zimene khomo lake limayang'ana kumsewu pafupi pomwepo, popanda bwalo loti munthu n'kusesa m'mawa.

Tsiku langa limadalira basi ya nambala 192, imene imayenda mumsewu wa A6 kuchokera ku Piccadilly, pakati pa mzinda, kudutsa Longsight ndi Levenshulme, mpaka ku Stockport ndi Hazel Grove. Ulendo umodzi ndi mapaundi 2, ndipo ndimalipira pogunditsa khadi la kubanki pa kamakina kamene kali pambali pa dalaivala. Palibe kondakitala woitanira anthu, palibenso kudikira kuti idzaze monga ndinazolowerera pa minibasi za ku Area 25. Tsiku loyamba ndinapitirira siteji yanga chifukwa sindinadziwe kuti wofuna kutsika amadina belu, ndipo mawu akuti "wotsika!" anathera pakhosi pamene ndinaona kuti basi yonse ili zii. Ndinabwerera wapansi mvula ikuwaza, zala zitauma ndi kuzizira.

Kuzizira kumapiririka munthu akagula jekete labwino. Chimene chinandilemera kwambiri chinali mdima ndi kusowa wolonjerana naye. Mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana, ndiye ndinkachoka kuli mdima n'kubwerera kuli mdima, osadziwa ngakhale nkhope za anthu okhala nawo mumsewu umodzi. Kwathu kudutsa munthu osamupatsa moni ndi mwano, ndipo masabata oyambirira ndinkaganiza kuti anthu akundisala. Patapita nthawi ndinazindikira kuti ulemu wawo uli pena: pafupifupi aliyense wotsika basi amathokoza dalaivala, ngakhale mnyamata wotseka makutu ndi nyimbo. Nanenso ndinayamba kutero, ndipo masiku ena amenewo ndiwo anali mawu anga oyamba kulankhula kunja kwa ntchito.

Amene ananditsegulira msewu wathu ndi agogo ena a nyumba yoyandikana, ndipo nkhani inayambira pa mabini. Khonsolo ya kuno imapereka mabini anayi: labuluu la mapepala ndi makatoni, labulawuni la mabotolo ndi zitini, lobiriwira la zotsala za chakudya ndi zinyalala za m'dimba, ndi lotuwa la zina zonse. Ine ndinkasakaniza. Madzulo ena agogowo anagogoda pakhomo atanyamula kapepala kamene analembapo masiku otulutsira bini lililonse, ndipo anaima pamenepo kwa mphindi khumi akundifunsa za nyanja ya Malawi, imene ankaikumbukira kuchokera pa mapu a kusukulu.

Loweruka lotsatira ndinakwera 192 kupita ku Longsight, kumene ndinapeza ufa woyera, nyemba ndi therere m'masitolo a zakudya za ku Africa ndi ku Asia. Ndinaphika nsima n'kuwatengera agogowo mitanda iwiri m'mbale yovundikira. Anandiitana kuti ndilowe, ndinawaonetsa mmene timatemera mbamu ndi dzanja, ndipo tsopano ndikamatuluka m'bandakucha kukakwera basi ndimaona nyali ya kukhitchini kwawo ikuyaka, iwo akundikwezera dzanja pawindo.