Najdorf pa mpikisano wa ku Kasungu

Loweruka pa mpikisano wa tchesi pa boma la Kasungu ndinagwira zakuda. Mnzanga atatsegula ndi e4 (dzina la bokosi la pa bolodi pomwe anakankhira kamsilikali kake), ndinayankha c5, ndipo ulendo wachisanu ndinakankha a6, njira ya Najdorf yomwe akatswiri a tchesi Fischer ndi Kasparov ankaikonda.

Anzanga ena amati a6 n'kutaya nthawi. Ine ndimakana kwamtuwagalu. Imatseka b5 kuti hatchi kapena bishopu wa zoyera asapondepo, komanso imandikonzera b5 yangayanga.

Mnzanga uja anabisa mfumu yake kumbali ya mfumukazi n'kuyamba kukankha g4 ndi h4. Ndinaika rook (kachidutswa kooneka ngati nsanja) pa c8, n'kuipereka pa c3 posinthana ndi hatchi. Mtima unagunda zedi! Mfumu yake inatsala pambalambanda, ndipo nthawi isanamuthere anandigwira chanza povomereza kuti wagonja.