Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: chifukwa chake sitinamutche Chikondi

Zikomo nonse amene munandilembera mutawerenga gawo lapita lija. Ena ndinu a ku Mabvuku, kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe, komwe ndinakulira, ena a ku Lilongwe, ena a ku Johannesburg. Mayi a ku Mufakose amene mwandiuza kuti nanunso kanyumba kanu kanagwetsedwa mu 2005, uthenga wanu ndauona, ndikuyankhani patokha. Koma funso limene labwera kambirimbiri ndi lakuti, bwanji mwana wachiwiri munamupatsa dzina lalitali chonchi, Chiyanjano, pomwe la Chikondi linali pafupi ndipo likanagwirizana bwino ndi la Chisomo?

Chiyanjano si wachiwiri. Ndi wachitatu.

Mukukumbukira kuti Chisomo anabadwa mu 2005, chaka cha Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa tinyumba ta anthu m'matauni, ndipo atatigwetsera kachipinda ka kuseri ku Mbare tinakapeza lendi ku Budiriro. Kumeneko ndi kumene 2008 inatipeza. Amene munali kuno simufuna kukumbutsidwa. Ndalama zinkatha mphamvu uli pamzere wa ku banki, m'mashopu munali mashelefu okhaokha, m'mipopi munalibe madzi, anthu n'kumatunga m'zitsime zokumba pakhomo pomwe zimbudzi zinkasefukira m'misewu. Kolera itabuka mu Ogasiti, Budiriro inali pakati penipeni pa mliriwo, ndipo dziko lonse linataya anthu opitirira 4,000. Zipatala zikuluzikulu za boma zinali zitatseka mawodi ambiri. Ine ndinali ndi pakati.

Ndinachira mu Disembala, m'chipinda chathu momwemo, pamphasa, ondithandiza anali apongozi ndi mayi wina wa kumpingo. Anali wamwamuna. Analira bwinobwino, anayamwa, ndipo anali ndi tsitsi lambiri lofika m'makutu. Kolera sinamukhudze ayi. Anangoyamba kutentha thupi, kenako anasiya kuyamwa, tikamuika kubere n'kumangotembenuza mutu. Bambo a Chisomo anazungulira usiku wonse kufuna galimoto, koma aliyense ankafuna ma rand kapena madola a ku America, ife tinali ndi mapepala a ziro zambirimbiri aja. Kunja kusanayere, mwana anapita. Mchombo unali usanagwe.

Inu a kwathu mukudziwa tanthauzo lake. Mwana amene sanatuluke m'chikuta alibe dzina, ndipo salira maliro. Kunabwera amayi akuluakulu okhaokha, anamukulunga m'chitenje changa chobiriwira chimene ndinagulira kuti ndizimuberekera, n'kutuluka naye mwakachetechete. Ine anandiuza kuti nditsale. Nditayamba kulira mokweza, apongozi anandigwira pakamwa. "Naphiri, musatero. Mutseka njira ya anzake." Ndinameza kulirako. Masana ake oyandikana nawo ankaphika, ana ankasewera panja, wina ankachapa, ngati palibe chachitika. Mkaka unkatuluka wokha n'kunyowetsa bulauzi, ndinkamanga chifuwa ndi nsalu mwamphamvu mpaka kupuma movutika. Chisomo, wa zaka zitatu, ankasuzumira pansi pa bedi kufunafuna mwana. Chimene chinkandipweteka koposa n'chakuti ndikafuna kumupempherera ndinalibe pomutchulira. Ndinkangoti "mwana uja". Pakhomo panalibenso womutchula. Mpaka lero sindinaonetsedwe pamene anamuika.

Apongozi sindiwada, mundimvetse. Iwo anataya ana awiri pa famu ya fodya kumene apongozi aamuna ankagwira ntchito atachoka ku Ntcheu nthawi ya Chitaganya, ndipo nawonso anagwiridwa pakamwa chimodzimodzi. Anandichitira zimene ankadziwa.

Zaka zinayi zinadutsa, dola ya ku America inabwera, tinasamukira ku Tafara, ndinayamba kugulitsa zovala za kaunjika.

Mu Julayi 2013 ndinachiranso, mwana wamkazi, ulendo uno kuchipatala. Mchombo utagwa, tinamumeta, ndipo nkhondo ya dzina inayamba tsiku lomwelo.

Apongozi anali ndi lawo kale. Ankafuna Mavuto, apo ayi Manda. Nzeru yake ndi yakale: mwana wobadwa pambuyo pa womwalira umamupatsa dzina lonyansa kuti imfa imunyalanyaze. Ndinawayankha mwaulemu, maso pansi, kuti, "Amayi, mwana ameneyu adzapita kusukulu, adzafunsira ntchito, adzakwatiwa. Dzina la misozi yanga asalisenze iyeyu." Komanso tangoganizani kuima pakhomo madzulo n'kuitana kuti Chisomo, Manda, bwerani mudzadye. Mmodzi ngati mdalitso, mnzake ngati chilango. Ana amamva zimenezi.

Bambo a Chisomo ankafuna la Chishona. Nawonso sindingawanyoze. Anabadwira kuno, sanaponde ku Malawi mpaka atakula, koma chitupa chawo chinalembedwa kuti ALIEN, kutanthauza mlendo, ndipo lamulo la unzika la 2001 litabwera anapezeka kuti si wa kuno, si wa uko. Kusukulu ankawaitana kuti mubhurandaya, kutanthauza wa ku Blantyre, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi. Iwo amati, "Mayi a Chisomo, mwanayu timupatse dzina loti aphunzitsi akaliwerenga m'kaundula asadzutse mutu." Anasankha Nyasha. Ndinaseka koyamba m'sabata imeneyo, chifukwa Nyasha ndi Chisomo yemweyo, ndiye kuti tikanakhala ndi ana awiri a dzina limodzi. Ndinawakumbutsanso kuti malamulo atsopano a dziko anali atangosainidwa mu Meyi chaka chomwecho, ndipo pa zilankhulo 16 zovomerezeka chathu chilipo, anachilemba kuti Chewa, poyambirira penipeni. Anthu obadwira kuno kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anali atabwezeredwa unzika. Ndiye tibise mwana panthawi imene boma lenilenilo lavomera kuti tilipo? Iwo anangoti pepala ndi pepala, pamsewu anthu sawerenga malamulo. Pamenepo sanalakwe, koma sindinagonje.

Ena onse ankati Chikondi. Alamu anga, amayi a kumpingo, ngakhale achemwali anga a ku Epworth pafoni. Ku CCAP kwathu, komwe timapemphera m'Chichewa, mapemphero satha tisananene chisomo, ndipo aliyense amadziwa ndondomeko yake: chisomo cha Ambuye, chikondi cha Mulungu, chiyanjano cha Mzimu Woyera. Woyamba ali Chisomo, wotsatira akhale Chikondi, nkhani yatha. Maina onse oyamba ndi Chi, onse okoma pakamwa, onse oyenera mnyamata kapena mtsikana. Inenso ndinkaona kuti akugwirizana. Koma pakamwa panga pankakana kulitchula, osadziwa chifukwa.

Anandimasula ndi Chisomo. Anali ndi zaka 8, ndipo tonse tinkaganiza kuti anaiwala. Ndinkasambitsa mwana m'beseni, iye atagwira thaulo, ndiye anangofunsa kuti, "Amama, ngati uyu ndi Chikondi, nanga uja wa ku Budiriro anali ndani?"

Ndinamutulutsa mwana m'madzi sopo asanachoke. Usiku umenewo ndinawauza bambo ake kuti la Chikondi lili ndi mwini wake kale. Wotsatira Chisomo ndi mnyamata uja, ndipo malo ake sindipatsa wina. Uyu ndi wachitatu, atenge lachitatu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Chiyanjano. Aphunzitsi adzaluma lilime." Ndinati adzaphunzira.

Tsopano kwa alamu anga aakazi, amene ndikudziwa kuti mumawerenga ngakhale simulemba kanthu. Munauza anthu pa chinkhoswe cha ku Highfield kuti ndinanyoza amayi anu, kuti ndinalanda udindo wa kuchimuna wotcha dzina, ndiponso kuti kutchula mwana wakufa n'kuitana mizimu m'nyumba. Dzina la Chisomo anatcha ndi amayi anu omwewo, ine sindinatsutse, ndipo nkhuku imene anabwera nayo tinadyera limodzi. Usiku wa ku Budiriro uja inu munali ku Botswana kukaoda katundu. Simunamuone, simunamunyamule. Ine ndinamuyamwitsa. Chiyanjano wakula, matenda ake ndi chimfine basi, ndiye mizimu yanuyo ikuchedwa kuti?

Apongozi anakhala miyezi ingapo akumuitana "mwanayu". Sindinawakakamize. Kenako anayamba kumuti Yanja, ndipo n'limene linafala, mpaka kusukulu anzake a Chishona amamuitana choncho. Za Chikondi sanandiyankhepo, kuvomera kapena kukana, mpaka anamwalira. Koma anasiya kundiuza kuti ndili ndi ana awiri.

Wina anafunsa ngati maina oyamba mofanana sasokoneza. Amasokoneza, musanamizidwe. Ndikakwiya ndimangoti "Chi..." onse awiri n'kuthawa, ndipo makadi a kuchipatala ndawasinthanitsapo. Mayi amene mukufuna dzina logwirizana ndi la mkulu wake, liitaneni mokweza pakhomo, onse awiri motsatizana, mumve ngati pali limene likuchepetsa linzake. Ndipo popita kukalembetsa kalata ya kubadwa, lembani dzinalo papepala ndi zilembo zikuluzikulu. Ife anatilembera Chiyangano, ndipo kukonzetsa chilembo chimodzi chimenecho kunatidyera ndalama ya thiransipoti yokwanira thumba la ufa. Nkhani ya mizere imeneyo, ndi m'mene bambo a Chisomo anachotsetsera ALIEN pachitupa chawo, ndidzakufotokozerani m'gawo 10.